Zitsanzo za Abusa Mashelefu

Abusa anzawo ankawatchula kuti Mashelefu, ndipo iwo sankadana nalo dzinalo. Mu ofesi yawo, kuseri kwa tchalitchi, khoma lonse la kumbuyo kwa mpando linali mabuku okhaokha kuyambira pansi mpaka kudenga, moti munthu wobwera ndi vuto ankayamba waona kuchepa kwake asanakhale n'komwe pansi. Panali mabuku ofotokoza Malemba vesi ndi vesi, onenepa, ovala zikuto zofanana ngati asilikali pa perete. Panali buku lolozera mawu, loti ukangokumbukira liwu limodzi limakusonyeza mavesi onse mmene liwulo lili. Panali madikishonale a Chihebri ndi Chigiriki, amene masamba ake ena anali adakali omatana monga anachokera ku sitolo. Panalinso buku la mapu, ndi lina la malangizo a uphungu, limene abusa ankalitsegula msangamsanga pa desiki akamva munthu akugogoda.

Alaliki achinyamata akabwera kudzafunsa mabuku oyenera kugula, abusa ankaimirira n'kumayendetsa chala pa misana ya mabukuwo ngati mlimi woonetsa alendo ng'ombe zake.

"Mlaliki wopanda mabuku ndi kalipentala wopanda sowo," ankatero. "Yambani ndi lolozera mawuli. Kenako ofotokozawa. Chigirikichi musachithamangire, ana anga, chimafuna mutu wokhwima."

Koma buku limene linkadyetsadi mpingo silinali pa mashelefu. Linkagona mu dirowa ya pansi ya desiki, pafupi ndi bondo la abusa, litakutidwa ndi pepala la khaki ngati kope la mwana wa sukulu. Analigula kwa munthu wogulitsa mabuku akale m'mbali mwa msewu. Linali buku la zitsanzo za ulaliki: tinkhani tatifupitifupi, tosanjidwa mitu yake, apa za imfa, apo za kuledzera, uko za umbombo. Wolemba bukulo analangiza m'mawu oyamba kuti mlaliki aziiveka nkhani iliyonse zovala za anthu amene akumumvera. Abusa Mashelefu anamvera langizolo mopitirira. Sankangoiveka nkhani, ankalowamo iwo eni.

Motero malume awo anali atamwalira kangapo pa guwa. Ulendo wina anamwalira akukhululukira mdani, wina anamwalira ali chidakwa chokana kulapa, wina anatsirizika akuimba. Mayi busa, amene ankadziwa kuti amuna awo ali ndi malume mmodzi yekha, wamoyo, wogulitsa matayala ndipo wosadwala ngakhale chimfine, ankangoyang'ana pansi n'kumakonza mpango. Anthu ankasirira. Ankati abusa ena amawerenga za moyo, koma athuwa moyo anauona ndi maso.

Loweruka lina masana abusa ankakonza ulaliki wa tchimo lobisika. Anatsitsa buku limodzi lofotokoza Malemba, nawerenga ndime ziwiri, n'kuyasamula. Analibweza. Anatsegula dirowa. Pa mutu umene ankafuna panali nkhani ya mkazi wa munthu wogwira ntchito mu sitima ya pamadzi, amene anapita kwa mbusa wake akulira, n'kuulula kuti mwana amene mwamuna wake ankamunyamula paphewa akabwera ku ulendo sanali wake. Abusa anamva kutentha kumaso. Nkhani inali yonona imeneyi. Vuto lake linali sitima basi, poti mu mpingo mwawo munalibe anaikwerapo. Anafufuta sitima mumtima, naikapo lole. Bukulo linkati zinachitika kalekale ku doko lina lakutali, koma zakale sizigwetsa misozi. Anaika "sabata yomweyi, mu ofesi mwangamu."

Sanakumbukire kuti Lachitatu mu ofesimo munalowa Mayi Telala, amene ankasoka zovala pa khonde la sitolo ina pafupi ndi msika. Anabwera kudzawayeza mkanjo watsopano, woti akavale ku msonkhano waukulu wa abusa, kumene anawapempha kuti akaphunzitse za mabuku ofunika kwa mlaliki. Abusa anatseka chitseko tsikulo, posafuna kuti amayi osesa m'tchalitchi amve nambala ya m'chiuno. Sanakumbukire, chifukwa munthu wokuyeza pamimba sumuwerengera ngati mlendo. Ndipo sizinawabwerere m'mutu kuti mwamuna wa Mayi Telala anali dalaivala wa lole, woyenda maulendo a masabata, amene akabwera ankalowa pa geti la tchalitchi atasenza kamtsikana kake paphewa, akukatcha kondakitala wake.

Lamlungu ulaliki unayenda ngati madzi otsetsereka. Atafika pa nkhaniyo, abusa anatsitsa mawu, navula magalasi.

"Sabata yomweyi, abale, mu ofesi mwanga munalowa mayi. Ndinatseka chitseko. Mwamuna wake ndi dalaivala wa lole, ali pa msewu, akuvutikira banja. Mayiyu anati, abusa, mwana amene bambo aja amamusenza paphewa si wawo. Dzina sinditchula. Koma ali pakati pathu pano. Wakhala pa benchi. Akundimva."

Abusa anaona mitu ikutembenuka pang'onopang'ono, benchi ndi benchi, ngati chimanga chikawombedwa ndi mphepo, ndipo anathokoza kumwamba kuti Mzimu ukugwira ntchito. Mayi Telala, amene anali ndi mtima wofewa woti ankalira ngakhale pa ukwati wa anthu osawadziwa, anamumvera chisoni mkazi wa m'nkhaniyo. Anatulutsa kansalu n'kupukuta misozi, mwana ali pamiyendo. Mpingo wonse unaona kansaluko.

Pakhomo, mkulu wa mpingo anagwira dzanja la abusa ndi manja awiri.

"Lero mwaboola chithupsa, abusa. Ife timangoona, kunena ayi. Mwanayo mphuno yake tinaikayikira kalekale."

Abusa anamwetulira osamvetsa za mphunoyo. Anazimvetsa ali pa tebulo, pamene mayi busa anawathirira madzi m'kapu n'kufunsa, osawayang'ana:

"Bambo, mu mpingo muno alipo wina woyendetsa lole kupatula amuna a Mayi Telala?"

Abusa anamwa madzi.

"Sindinatchule dzina," anatero.

"Simunatchule," anavomera mayi busa, n'kuyamba kuchotsa mbale.

Lachiwiri m'mawa Mayi Telala anagogoda. Abusa anatsegula buku la uphungu pa desiki, ndipo ulendo uno chitseko anachisiya chotsegula, kuti pasakhale zonena. Pa khonde amayi osesa anayamba kusesa malo amodzimodzi.

Mayiyo sanakhale pa mpando. Anaima atagwira chikwama pamimba, maso atatupa.

"Abusa, anthu akubwera kudzatenga nsalu zawo zosasoka. Ku kwaya dzulo ndakhala benchi ndekha. Alamu anga aakazi aimbira kale foni bambo a mwana, ndipo akubwera Lachisanu. Chonde, ingonenani kuti si ine."

"Khalani pansi, mayi."

"Ndinabwera ndi tepi yoyezera, abusa. Munaimika manja chonchi. Munandiuza kuti ndisiye malo pamimba."

Pa khonde tsache limodzi linaima.

"Ndikukumbuka," anatero abusa mofulumira.

"Ndiye nenani zimenezo. Amayi osesawa akuti sabata yonse ija mu ofesi muno simunalowe mkazi wina koma ine. Ine sindinakuuzeni kanthu. Ndiye mayi wa nkhani ija analowera pa zenera?"

Bondo la abusa linakhudza dirowa. Zinali zosavuta: kutsegula, kutulutsa buku, kuonetsa tsamba pamene panali sitima. Koma amayi osesa akanaona khaki uja, ndipo pofika madzulo malume akanauka kwa akufa, pamodzi ndi mkaidi wa mu ulaliki wina amene abusa anamutembenuza mtima usiku woti aphedwa mawa, ndi njoka imene inawazungulira mwendo ali mwana. Zaka zonse za misozi ya mpingo zikanasanduka nthabwala ya pa msika. Ndipo ku msonkhano kuja, ndani akanamvera Mashelefu akulangiza za mabuku? Anaganiza njira ina. Lamlungu likubwerali adzanena pa guwa kuti ntchito ya mwamuna uja anaisintha dala pobisa mwini nkhani, kuti kwenikweni sanali wa lole. Bodza laling'ono lozimitsira moto. Mtima unakhala pansi. Anaika dzanja pa buku la uphungu.

"Mayi, ife abusa tili ndi lamulo. Zolankhulidwa mu ofesi muno zimathera muno. Ndikanena lero kuti si inu, mawa abwera wina, mkuja wina, mpaka atsala mmodzi, ndiye kuti ndamuulula. Mukuona kuvuta kwake? Koma musade nkhawa. Dikirani Lamlungu."

"Bambo a mwana akubwera Lachisanu."

"Choonadi sichithamanga, mayi. Ngati mtima wanu uli woyera, muopa chiyani? Tiyeni tipemphere."

Anapemphera ndi mawu a pa guwa, amene ankafika mpaka pa geti. Pemphero lawo linali ndi njira yake yozolowera ngati bulu wa ngolo, ndipo lisanafike pa ameni linadutsa pamene limadutsa nthawi zonse: "Mukhululukireni mdzakazi wanuyu zolakwa zake zonse, zodziwika ndi zobisika." Atatsegula maso, mayiyo anali atapita. Matsache anali atayambanso kusesa, mwachangu, ngati a anthu amene ali ndi kopita.

Madzulo ake mayi busa anapeza amuna awo akupukuta nsapato.

"Tulutsani buku lija, bambo."

"Buku liti?"

"La khaki. Ndine ndimapukuta fumbi mu ofesimo. Munthu banja likumuthera."

"Iwe sudziwa za utumiki. Mbusa akagwa, nkhosa zimabalalika. Ukufuna anthu aleke kukhulupirira Mawu chifukwa cha kankhani kamodzi?"

"Mawu kapena inu?"

Abusa analoza denga ndi burashi ya nsapato.

"Nyumba ino ndi ya mpingo. Makatani awa ndi a mpingo. Ukafuna kulankhula, uyambe wapeza koika mipando yako."

Mayi busa anayang'ana makatani. Anali makatani abwino.

Dalaivala anabwera ku ofesi Loweruka m'mawa, Lamlungu lisanafike. Anali munthu wamkulu thupi, wodzaza chitseko, wonunkha dizilo ndi sopo, chipewa atachipinda m'manja. Anakhala pamphepete pa mpando, maso ake akukwera mashelefu mpaka kudenga.

"Onsewa munawerenga, abusa?"

"Timayesetsa, achimwene."

"Ine sukulu sindinapite nayo patali. Ndimawerenga zikwangwani za pa msewu basi." Anaseka pang'ono, kuseka kosaonetsa mano. "Abusa, sindinagone. Mlongo wanga akuti thamangitsa. Koma mlongo wangayo mkazi wanga sanamukondepo chikwatirireni, ndiye mawu ake ndimawachotsera theka. Anthu a pa msika ndi anthu a pa msika. Mkazi wanga wagwada, walumbira, mwana atamugwira pamutu. Ine ndikufuna kumukhulupirira. Ndikufunitsitsa, abusa. Kondakitala wangayo ndinamudula ndekha zikhadabo zoyamba."

"Ndikumva, achimwene."

Abusa anali atakonzeka. Mawu aja a ntchito yosinthidwa anali kale pa lilime. Dalaivala akanangopuma, iwo akanawatulutsa, munthu n'kupita kwawo ndi mtendere, Lamlungu n'kungotsindika.

Koma dalaivala sanapume.

"Mkazi wanga akuti palibe mayi anabwera. Akuti nkhani ija munangoipeka, kapena munaitola m'mabuku mwanumu, kuti ulaliki ukome. Akuti mwina ndi mmene mumachitira masiku onse. Ine ndamuuza kuti usanyoze munthu wa Mulungu. Koma abusa, ngati n'zoona, sindikwiya ayi. Ifenso pa msewu timakometsera nkhani. Mungondiuza kuti ndinapeka. Ndikugwirani mwendo, ndipo mawa ndiimirira ndekha kutsogolo, ndiuze mpingo wonse kuti abale, inali nthano chabe, abusa athu amapeka, musiyeni mkazi wanga."

Ananena mokondwa, ngati munthu amene wapeza njira yodutsa pamene mlatho wagwa.

Abusa anamva magazi akukwera m'makutu. Telala! Munthu wa singano ndi ulusi, woti ngakhale dzina la buku limodzi pa mashelefupo sangalitchule, kumauza mwamuna wake kuti mwina ndi mmene amachitira masiku onse! Anaona dalaivala ataimirira kutsogolo, chipewa m'manja, mawu ake a pa msewu akudzaza tchalitchi. Abusa athu amapeka. Anaona mkulu wa mpingo akubisa kamwa. Anaona alaliki achinyamata akugundana zigongono ku msonkhano. Anawongola msana, nakonza kolala.

"Achimwene, guwa si malo omwera tiyi a madalaivala. Ine chiyambireni utumiki sindinapekepo nkhani pa guwa. Liwu lililonse limene ndinanena linachitika monga ndinanenera."

Nkhope ya dalaivala inagwa pang'onopang'ono.

"Liwu lililonse?"

"Lililonse."

"Mayi anabweradi? Mu ofesi muno?"

"Ndanena kale."

"Ndipo mwamuna wake ndi wa lole? Simunasinthe kuti mwina ndi wa basi, kapena wa njinga?"

Apa khomo linali lidakali lotsegula pang'ono, loti munthu wowonda mtima akanadutsa. Koma amene wangolumbira kuti liwu lililonse sanganene kuti kupatula limodzi. Abusa anayang'ana mapu pa shelefu.

"Sindisintha mawu, achimwene."

"Ndiye ndi mkazi wanga."

"Zimenezo sindingaulule. Tili ndi lamulo."

Dalaivala anapinda chipewa n'kuchiwongola. Kenako anaimirira, nawerama pang'ono monga mwa ulemu, n'kutuluka. Chitseko anachitseka bwinobwino, osamenyetsa.

Abusa anatsala akupuma ngati munthu wokwera phiri. Anadziuza kuti sananene kuti ndi iyeyo. Anabwereza mawu awo onse mumtima, limodzilimodzi, ndipo sanapezemo dzina. Anadziuzanso kuti banja lolimba siligwa ndi ulaliki umodzi, ndipo ngati lagwa ndiye kuti chiswe chinalimo kale. Mwinanso mphuno ija mkulu wa mpingo anaiona bwino. Ndani akudziwa? Mwina Mzimu unawatsogolera ku tsamba limenelo ndi cholinga. Ganizo limeneli linawakomera kwambiri, moti analisunga.

Masana, ali pa zenera la ofesi, anaona kagalimoto kotsegula kumbuyo kakudutsa mu msewu wa kutsogolo kwa tchalitchi. Kumbuyoko kunali matiresi opindidwa, zikwama, ndi makina osokera atamangidwa ndi chingwe, gudumu lake likuzungulira lokha galimoto ikagunda bampu. Mayi Telala anakhala pa chikwama, atafungatira mwana amene ankalimbana kuti atembenukire kumene achokera. Mayiyo sanayang'ane ku tchalitchi. Abusa anakoka katani, poti dzuwa linkawalira pa misana ya mabuku ndipo limasuwitsa zikuto.

Tsopano ulaliki wa mawa unafunika kusintha. Kunena za ntchito yosinthidwa kunalibenso phindu, kukanangosokoneza anthu. Anaganiza zolalikira za miseche, kuti mpingo udziwe kuti iwo sagwirizana ndi zolankhulalankhula. Anatsegula dirowa. Pa mutu wa lilime panali zitsanzo zambiri zabwino. Anasankha chimodzi, n'kuonetsetsa kuti mulibe lole.

Lamlungu tchalitchi linadzaza mpaka ena anaima m'mazenera, poti mbiri inali itamveka kuti kuno abusa amaona za m'nyumba za anthu. Abusa anadzudzula lilime ndi mphamvu. Amayi a kwaya analira. Amayi osesa analira koposa. Mayi busa anakhala kutsogolo atayang'ana manja awo.

Potuluka, abusa anaima pakhomo kupatsa anthu moni. Pakati pa mzere panali dalaivala, atavala jekete lomuthina m'mapewa, ndevu zosameta. Anthu anamupatukira ngati wodwala. Anagwira dzanja la abusa ndi manja ake onse awiri, okhakhala ngati tayala.

"Ndabwera kudzathokoza, abusa. Mukanakhala wina mukanandinamiza kuti mundisangalatse, ine n'kumalera mwana wa mwini mpaka imvi."

"Limbani mtima, achimwene."

"Ndalimba. Dzulo pokwera galimoto kamwana kaja kanandigwira buluku, kakuti adadi, adadi, ndinyamuleni. Manja anafuna kupita okha. Koma ndinakumbukira kuti munthu wa Mulungu wandiuza maso ndi maso kuti liwu lililonse. Ndinakachotsa zala, chimodzichimodzi." Anayang'ana abusa m'maso. "Ndachita bwino, eti abusa?"

Kumbuyo kwake mzere unali utaima, makutu onse ali tcheru. Abusa anasolola dzanja lawo mofatsa, namusisita paphewa.

"Musathokoze ife, achimwene. Ndi ntchito yathu."

Ndipo anatambasulira dzanja munthu wotsatira, chifukwa mzere unali wautali ndipo dzuwa linali litakwera.